Sikelo Iyeze Mwana Yense, Osati Thupi Lokha

Mwezi ndi mwezi, m'midzi ya kwa Mfumu Yaikulu Dzoole m'boma la Dowa, ndiponso m'midzi ya m'mapiri a ku Ntchisi, amayi amalawirira m'mamawa ana ali kumsana kupita ku sikelo. Kumeneko mlangizi wa zaumoyo amapachika mwana pa sikelo, nalemba kulemera kwake m'kabuku, nayeza mkono wake, napereka katemera. Imeneyi ndi imodzi mwa ntchito zimene dziko la Malawi liyenera kunyadira. M'chaka cha 1992, mwa ana 1,000 aliwonse obadwa amoyo, ana 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Pofika m'chaka cha 2016 chiwerengerochi chidali chitatsika kufika pa 63. Sikelo, katemera ndi masikito zidachita zazikulu, ndipo palibe munthu woganiza bwino amene angatsutse zimenezi.

Koma kupulumutsa mwana ku imfa ndi theka chabe la ntchito. Sikelo imadziwa kulemera kwa thupi, koma siingathe kunena ngati mwana akumva, ngati akuona bwino, ngati wayamba kulankhula pa nthawi yake, kapena ngati nzeru zake zikukula monga za anzake. Ndipo mwana akangopitirira zaka zisanu, nasiya kupita ku sikelo, palibenso amene amamufunsa za mumtima mwake kufikira tsiku limene zinthu zaipa. Nthawi yakwana yoti kupima kakulidwe ka ana ndi umoyo wa maganizo a achinyamata kukhale ntchito ya masiku onse ya ku sikelo, ya ku sukulu za mkombaphala ndi ya ku pulayimale. Koma kupimako kuyenera kuyendera limodzi ndi thandizo, pakuti kupeza vuto mwa mwana n'kungolilemba m'buku ndi kuseweretsa makolo ake.

Kukula kwa vuto

Kalembera wa anthu wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu 772,569 m'boma la Dowa ndi 317,069 m'boma la Ntchisi, ndipo adaonetsanso kuti theka la Amalawi onse ndi ana osakwana zaka 18. Ndiye kuti m'maboma awiri okhawa muli ana pafupifupi theka la miliyoni kapena kuposerapo. Zinthu zimene zimasokoneza kakulidwe ka ubongo wa ana amenewa si zachilendo kwa aliyense wokhala kumudzi. Choyamba ndi kupinimbira. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu adali opinimbira, ndipo njala imene imafupikitsa msinkhu wa mwana ndi yomweyo imene imachedwetsa nzeru zake. Chachiwiri ndi kubanika pobadwa, makamaka pamene mayi wachedwa kufika ku chipatala chifukwa cha mtunda, mlatho wokokoloka kapena kusowa kwa galimoto. Palinso chikasu cha ana akhanda, matenda oumitsa khosi, ndi mafinya a m'khutu amene makolo ambiri amawayesa kanthu kakang'ono pamene akugonthetsa mwana pang'onopang'ono.

Pamwamba pa zonsezi pali malungo ogwira ubongo. Akatswiri otsogozedwa ndi Gretchen Birbeck adatsatira ana 132 amene adachira ku malungo a mtundu umenewu pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa m'chaka cha 2010, zidaonetsa kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse adatsala ndi vuto: ena khunyu, ena kulumala, ena khalidwe lovuta limene adalibe asanadwale. Ena mwa mavutowa sadaoneke pa tsiku lotuluka m'chipatala. Adadza patapita miyezi, mwana ali kale kumudzi. N'zokondweretsa kuti m'chaka cha 2019 Malawi lidakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana ku sikelo, ndipo Ntchisi lidali limodzi mwa maboma 11 oyambirira. Komabe malungo sadathe. Mwana aliyense amene adagonekedwa m'chipatala atakomoka ndi malungo ayenera kuonedwanso patapita miyezi, ngakhale akusewera ndi anzake ngati wochira.

Mmera mpoyamba

Mlimi wa fodya wa kwa Dzoole safuna munthu womuphunzitsa chifukwa chimene vuto liyenera kupezeka msanga. Iye amayendera nazale yake m'mawa ndi madzulo, amawerama n'kuyang'ana mbande imodziimodzi, ndipo akaona yachikasu kapena yodyedwa ndi tizilombo sadikira kuti aokere kaye, kapena kuti ogula a ku okushoni ku Kanengo adzamuuze kuti fodya wake sadachite bwino. Amadziwa kuti mmera mpoyamba. N'chomvetsa chisoni kuti chisamaliro chimene chimaperekedwa ku mbande ya fodya kawirikawiri sichiperekedwa ku nzeru za mwana. Mwana wosamva bwino amadziwika ali mu Sitandade 2 kapena 3, atabwereza kalasi kawiri, atadzudzulidwa kuti ndi wamwano, ndipo anzake atamupatsa kale dzina loti chitsiru. Pamenepo zaka zimene ubongo umakula mofulumira kuposa nthawi ina iliyonse, kuyambira pa kutenga pakati kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri kapena zitatu, zimakhala zitapita kale.

Umboni wakuti kuthandiza msanga kumapindula udachokera ku dziko la Jamaica. Mu mzinda wa Kingston, m'zaka za 1986 ndi 1987, akatswiri otsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor adasankha ana 129 opinimbira a m'mabanja osauka. Ena mwa anawo ankayenderedwa kunyumba sabata iliyonse kwa zaka ziwiri ndi alangizi wamba a zaumoyo, amene ankaphunzitsa amayi kusewera ndi kucheza ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopangidwa pakhomo. Patapita zaka 20, ana oyenderedwawo, atakula, ankapeza ndalama zochuluka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi kuposa anzawo amene sadayenderedwe. Padalibe makina odula, padalibe dokotala wamkulu woyenda m'makomo. Padali mlangizi, mayi ndi mwana pamphasa. Choncho nkhani ino si ya chifundo chokha ayi, ndi ya chitukuko. Dziko lofuna alimi odziwa kuwerengera phindu lawo, aphunzitsi, anamwino ndi amisiri a mawa liyenera kuyambira pa mwana wa miyezi 18.

Chida chilipo kale

Ena angaganize kuti kupima nzeru za mwana ndi ntchito ya maiko olemera. Kwa zaka zambiri maganizo amenewa adali omveka, chifukwa mafunso opimira ana ankachokera ku Ulaya ndi ku America, ndipo ankafunsa zinthu zimene mwana wa kumudzi sadazionepo, monga kukwera masitepe a m'nyumba kapena kudya ndi foloko. Mwana wochenjera wa ku Dowa akadalephera mayeso otere, osati chifukwa chochepa nzeru, koma chifukwa cha kusiyana kwa makhalidwe. Vuto limeneli lidathetsedwa m'dziko momwe muno. Dokotala wa ana Melissa Gladstone ndi anzake a ku College of Medicine ku Blantyre ndi a ku yunivesite ya Liverpool adakhala pansi ndi makolo akumidzi, nawafunsa zimene mwana wokula bwino amachita pa msinkhu uliwonse, napanga chida chotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, mwachidule MDAT. Chidachi chidalengezedwa m'chaka cha 2010 atachiyesa pa ana 1,426 akumidzi, kuyambira akhanda kufikira a zaka zisanu ndi chimodzi.

M'chida chimenechi muli mafunso ndi zochita 136, zogawidwa m'magawo anayi, lililonse la zinthu 34: mayendedwe a thupi lonse, kagwiridwe ka zinthu ndi zala, kalankhulidwe ndi kamvedwe, ndiponso kakhalidwe pakati pa anthu, kuphatikizapo ulemu ndi tintchito ta pakhomo timene Amalawi amaonera kuti mwana akukula. Zipangizo zake n'zotsika mtengo, zonyamulika m'manja, ndipo kupima mwana mmodzi kumatenga pafupifupi theka la ola. Chidachi chamasuliridwa ndi kugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri a mu Africa ndi kunja kwake. Chingakhale chinthu chochititsa manyazi ngati chida chobadwira m'Malawi chikuthandiza ana a maiko ena pamene mayi wa kwa Dzoole sadachimvepo n'komwe.

Sikuti mwana aliyense wobwera ku sikelo apimidwe theka la ola. Mlangizi mmodzi wokhala ndi mzere wautali wa amayi sangakwanitse. Chofunika ndi mafunso ochepa kwa mwana aliyense, ndi kupima kwathunthu kwa okhawo amene akukayikitsa. Kafukufuku wa bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO, wofalitsidwa m'chaka cha 2006, adaonetsa kuti pafupifupi ana onse athanzi amakhala pansi okha asanakwanitse miyezi 10, ndipo amayenda okha asanakwanitse miyezi 18. Mwana amene wapitirira misinkhu imeneyi asanatero, amene satembenuka akaitanidwa kapena pakamveka phokoso, amene satsatira chinthu ndi maso, amene wafika zaka ziwiri asanayambe kulumikiza mau awiri, amene thupi lake ndi lolobodoka kapena louma gwa, amene amakomoka popanda kutentha thupi, kapena amene wasiya kuchita zimene ankatha kale, ayenera kuonedwa ndi dokotala. Kufunsa zimenezi sikufuna magetsi kapena ndalama zakunja. Kufuna mphindi zochepa ndi khutu lomvetsera mayi, pakuti mayi ndiye amayamba kuona kuti china chake sichili bwino.

Nanga ana amene safika ku sikelo, amene amabisidwa m'nyumba? Yankho lake lidayesedwa m'maboma a Thyolo ndi Ntcheu m'chaka cha 2013, pamene akatswiri a ku College of Medicine ndi a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine adaphunzitsa anthu wamba odziwika m'midzi yawo kuzindikira ana amene angakhale ndi ulumali kapena khunyu. Anthu amenewa adayenda m'midzi, nalemba maina, ndipo ana oposa 7,000 adabwera kudzaonedwa ndi madokotala m'malo osonkhanira apafupi ndi kwawo. Kafukufukuyu adapeza kuti ana pafupifupi 17 mwa 1,000 aliwonse adali ndi ulumali waukulu kapena khunyu. Ngati chiwerengero chotere chilinso ku Dowa ndi ku Ntchisi, ndiye kuti ndi ana zikwi zingapo, okwana kudzaza masukulu angapo. Maphunziro ake ndi awiri. Loyamba n'lakuti mudzi umadziwa ana ake. Lachiwiri n'lakuti ana ambiri amene adalembedwa maina sadafike pa tsiku loonedwa. Kupeza mwana n'kwapafupi kusiyana ndi kumufikitsa pamene pali thandizo.

Achinyamata

Mwana akamafika pa unamwali mavuto amasintha maonekedwe. Bungwe la WHO likunena kuti mmodzi mwa achinyamata asanu ndi awiri aliwonse a zaka 10 mpaka 19 ali ndi vuto la m'maganizo, ndipo kuti theka la matenda a mtundu umenewu amayamba munthu asanapitirire zaka 14. Pali anthu amene amanena kuti matenda a kukhumudwa ndi a azungu kapena a anthu a m'tauni. Koma m'chaka cha 2014 madokotala a bungwe la Baylor, amene amasamalira ana okhala ndi kachilombo ka HIV, adalengeza zotsatira za kafukufuku wa achinyamata 562 a muno m'Malawi okhala ndi kachilomboka, a zaka 12 mpaka 18, amene adafunsidwa m'Chichewa. Pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse adapezeka ndi matendawa. Kafukufuku wa dziko lonse uja wa 2015 ndi 2016 adapezanso kuti atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 adali ndi pakati kapena adali atabereka kale. Mtsikana wotere, amene wasiya sukulu, wakalipiridwa kwawo ndi kukanidwa ndi amene adampatsa pakati, amasenza yekha katundu amene ngakhale munthu wamkulu angadzandire naye.

Matenda a kukhumudwa sali ngati chisoni cha pamaliro chimene chimapepuka ndi nthawi. Mnyamata kapena mtsikana amene kwa milungu yoposa iwiri sakondwa ndi kanthu, sagona kapena amangogona, sadya, amadzipatula kwa anzake, watsika mwadzidzidzi m'kalasi, kapena amalankhula zoti kukadakhala bwino atafa, akudwala monga wodwala chibayo, ngakhale thupi lake silikutentha. Kwa anyamata vutoli limabisala kawirikawiri m'kachasu, m'chamba ndi m'ndewu. Mau onena za imfa sayenera kuyesedwa chibwana kapena kuopseza makolo. Kufunsa mwana mosabisa ngati ali ndi maganizo odzipha sikumupatsa maganizowo, koma kumamutsegulira khomo loti alankhule. Ndipo m'dera la ulimi ngati la Dzoole, kumene makomo ambiri amasunga mankhwala opopera mbewu, kholo lililonse liyenera kuwatsekera ndi loko, pakuti kuwawidwa mtima kwa mwana kungathe kupola m'maola ochepa, koma imfa siibwezedwa.

Njira yofikira achinyamata idayesedwa kale m'chigawo chapakati. M'zaka za pakati pa 2012 ndi 2016 bungwe la Farm Radio International, mogwirizana ndi dokotala wa matenda a maganizo wa ku Canada, Stan Kutcher, lidayendetsa ntchito m'maboma a Lilongwe, Mchinji ndi Salima yophunzitsa aphunzitsi ndi azaumoyo kuzindikira matenda a kukhumudwa, pamodzi ndi pologalamu ya pa wailesi yotchedwa Nkhawa Njee, imene achinyamata ankamvera m'magulu. Ntchitoyi idaonetsa kuti mphunzitsi wamba akaphunzitsidwa amasintha m'mene amaonera matendawa. Lilongwe ndi Salima ndi maboma ochita malire ndi Dowa. Zimene zidatheka kumeneko sizingalephereke kwa Dzoole. Koma ntchito ya mabungwe imakhala ndi tsiku lotha, pamene ntchito yolowa m'dongosolo la Boma ndiyo imakhalitsa. Sukulu iliyonse ikhale ndi mphunzitsi mmodzi wamwamuna ndi mmodzi wamkazi amene ana akudziwa kuti angamuuze za kukhosi, ndipo anankungwi, amayi a m'magulu a pasukulu ndi atsogoleri a mipingo adziwitsidwe zizindikiro zomwezi, popeza iwo ndiwo amamva zimene mwana sangauze bambo ake.

Kupima kopanda thandizo

Pali chitsutso chimodzi chimene chiyenera kumvedwa mwaulemu. M'chaka cha 1968 bungwe la WHO lidasindikiza mfundo za akatswiri awiri, Wilson ndi Jungner, zokhudza kupima anthu ambiri amene sakudziwa kuti akudwala. Zina mwa mfundozo n'zakuti vuto lofufuzidwalo likhale ndi thandizo lodziwika, ndiponso pakhale malo kumene opezeka nalo angakaonedwe ndi kuthandizidwa. Wogwira ntchito m'boma woona mtima angafunse kuti: kodi mwana wa kwa Dzoole akapezeka ndi vuto, apita kuti? Chipatala chachikulu cha Boma cha matenda a maganizo chili ku Zomba. A St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Madokotala aakulu a matendawa m'dziko lonse ndi ochepa zedi. Kwa zaka zoposa 70 dziko lidayendera lamulo la atsamunda la m'chaka cha 1948, limene maso ake adali pa kutsekera odwala, osati pa kuthandiza mwana akadali kumudzi.

Funsoli n'loona, koma yankho lake si kutsinzina. Ana ambiri opezeka ndi vuto safuna Zomba. Bungwe la WHO likunena kuti odwala khunyu okwana 70 mwa 100 angathe kusiyiratu kugwa atalandira mankhwala oyenera, ndipo mankhwala monga phenobarbitone ndi otsika mtengo, oyenera kupezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse. Khutu lotuluka mafinya limathandizika likatsukidwa ndi kuthiridwa mankhwala msanga. Mwana wosaona kapena wosamva bwino amayamba kupindula pongomukhazika kutsogolo m'kalasi. Mwana wochedwa chifukwa cha njala afuna phala la soya ndi nsinjiro, mbewu zimene Dowa ndi Ntchisi zimalima n'kugulitsa kwa mavenda. Mwana wouma ziwalo afuna mafizo amene mayi angaphunzitsidwe kuchita pakhomo, ndi kampando komuchirikiza kokhomedwa ndi kalipentala wa pamsika. Wachinyamata wokhumudwa afuna, poyamba penipeni, munthu wamkulu womumvetsera ndi kumutsatira. Chiyambire m'chaka cha 2008 WHO ili ndi ndondomeko yotchedwa mhGAP, yophunzitsa anamwino ndi madokotala a m'zipatala zazing'ono kuthandiza matenda otere popanda kudikira katswiri. Otsalawo ndiwo atumizidwe ku Mponela, ku zipatala za boma za Dowa ndi Ntchisi, ku zipatala za mishoni za Madisi ndi Mtengowanthenga, ndipo ovutitsitsa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Choncho ntchito iyambire kumapeto. Asanaitanitse amayi, akuluakulu a zaumoyo a m'boma atsimikize kuti mankhwala a khunyu alipo, kuti pali tsiku lodziwika limene namwino wa matenda a maganizo ndi wa mafizo amafika pa chipatala chaching'ono, ndiponso kuti galimoto yowanyamula ili ndi mafuta. Mwana wa khunyu amene wayamba mankhwala n'kuwasowa mwadzidzidzi mwezi wachitatu amakhala pangozi yaikulu, ndipo mayi amene wayenda mtunda wautali kawiri n'kubwerera chimanjamanja sadzabweranso, komanso adzauza mudzi wonse. Lipoti la pamwezi lisamangonena kuchuluka kwa ana opimidwa. Linene kuti opezeka ndi vuto ndi angati, ofika kumene adatumizidwa ndi angati, ndipo amene akuthandizidwabe patatha miyezi isanu ndi umodzi ndi angati. Manambala atatu amenewa ndiwo muyeso weniweni wa ntchito.

Ngozi ina ndi yopatsa ana maina. Kupima si chigamulo. Pamene chida cha MDAT chinkayesedwa, chidazindikira ana 97 mwa 100 amene adalidi ndi vuto, koma chidakayikiranso ana 18 mwa 100 amene adali bwinobwino. Ndiye kuti mwana wolephera mafunso lero angathe kukhala wamanyazi chabe, wanjala, kapena wongodzuka kumene ku malungo. Mlangizi kapena mphunzitsi alibe mphamvu youza kholo kuti mwana wake ndi wosokonekera mutu. Mau ake akhale akuti mwanayu aonedwenso. Ndipo zopezekazo ndi chinsinsi cha banja. Siziyenera kulengezedwa pa bwalo, pa msonkhano wa chipani kapena pa mzere wa ku sukulu.

Chopinga china, chokula kuposa kusowa kwa ndalama, ndi chikhulupiriro. M'midzi yambiri mwana wozerezeka amati adamukhwimira bambo ake kapena amalume ake kuti fodya kapena golosale ziyende bwino. Mwana wochedwa kuyenda amati ndi tsempho, ndipo chala chimaloza mayi. Wodwala khunyu amati amapatsira ena kudzera m'thovu, kotero kuti akagwera pamoto anthu amathawa m'malo momuwombola. Zotsatira zake n'zodziwika: mabanja amatha, mayi amatsala yekha ndi mwana, ndalama za fodya zimathera kwa asing'anga, ndipo mwana amatsekeredwa m'nyumba pamene anzake akupita ku sukulu. Matenda a khunyu sapatsirana. Kuvulala kwa ubongo kuli ndi zifukwa zake zodziwika, zimene zatchulidwa kale. Mau amenewa akanenedwa ndi mfumu pa bwalo amamveka kuposa akanenedwa ndi dokotala, n'chifukwa chake Mfumu Yaikulu, magulupu ndi nyakwawa ayenera kukhala oyamba kuphunzitsidwa. Asing'anga nawo asayesedwe adani. Apemphedwe kuti mwana wokomoka kapena wosalankhula azimutumiza ku chipatala msanga.

Udindo wa atsogoleri

Malamulo a dziko ali kale kumbali ya ana amenewa. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2010. Lamulo la anthu aulumali la m'chaka cha 2012 lidaletsa kusala munthu wolumala pa maphunziro ndi pa chithandizo cha kuchipatala. Maphunziro a pulayimale ndi aulere chiyambire 1994. Ndipo koleji ya Montfort ku Chiradzulu yakhala ikusula aphunzitsi a ana osamva, osaona ndi ovutika kuphunzira. Koma lamulo lolembedwa ku Lilongwe siliyenda lokha kukafika kwa Dzoole. Amaliyendetsa ndi anthu.

Apampando a nthambi, a dera ndi a boma, pamodzi ndi atsogoleri a amayi ndi a achinyamata m'chipani, amadziwa khomo lililonse m'midzi yawo. Pa nthawi ya chisankho palibe nyumba imene amaiphonya. Luso lomwelo ligwire ntchito pa ana. Iwo si madokotala, ndipo asayese kukhala madokotala. Ntchito yawo ndi kulimbikitsa makolo kutulutsa ana obisidwa, kukumbutsa mayi tsiku lobwerera ku chipatala, kupeza njinga kapena ngolo ya amene sangathe kubereka mwana wamkulu kumsana, ndi kuuza abambo poyera kuti sikelo si ya amayi okha. Koposa zonse, thandizo la mwana lisayang'ane mtundu wa nsalu imene mayi ake amavala ku msonkhano. Malungo safunsa khadi la chipani, ndipo mtsogoleri wosankha ana potengera ndale za makolo awo akunyozetsa Boma limene akuti akulitumikira.

Ogwira ntchito m'boma nawo ali ndi mbali yawo. Mwana ndi mmodzi, koma maofesi omuyang'anira ndi atatu: ya zaumoyo, ya zamaphunziro ndi yoona za chisamaliro cha anthu. Zimene mlangizi adaona ku sikelo kawirikawiri sizifika kwa wolera ana ku mkombaphala, ndipo zimene woleayo adaona sizifika kwa mphunzitsi wa Sitandade 1. Bwanamkubwa wa boma akhazike maofesi atatuwa pa tebulo limodzi, ndipo kabuku ka ku sikelo katsate mwana kufikira tsiku lolembetsa sukulu. Alangizi a zaumoyo, amene cholinga cha Boma n'chakuti akhale mmodzi pa anthu 1,000 aliwonse, asenza kale katundu wolemera wa katemera, zipatala za m'midzi, ukhondo ndi kolera. Kuwaonjezera ntchito popanda maphunziro, njinga ndi wowayendera ndi kuwakonzera kulephera. Olera ana ku mkombaphala ambiri ndi ongodzipereka, ndipo munthu wongodzipereka amatopa akaona kuti palibe womukumbukira. Maphunziro a anthu amenewa asachitikire m'mahotela a kunyanja kumene ndalama zimathera ku maalawansi. Achitikire kwa Dzoole komweko, ana enieni ali pamphasa. Makhansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, pogawa ndalama za chitukuko cha m'madera, akumbukire kuti chitukuko si milatho ndi njerwa zokha.

Chiyambi sichiyenera kukhala chachikulu. Chipatala chaching'ono chimodzi, masukulu ochizungulira, mafumu a deralo ndi chaka chimodzi cha ntchito yoona n'zokwanira kuonetsa njira, ndipo pakutha pa chakacho manambala atatu aja awerengedwe pamaso pa khonsolo yonse ya boma. Zikayenda bwino, ntchitoyo ifalikire kwa Kayembe, kwa Chakhaza, kwa Nthondo ndi kwa Kalumo. Zikavuta, zikonzedwe poyera. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwana amene lero akuchedwa kulankhula pakhonde la agogo ake, ndi mtsikana amene wasiya kuseka ndi anzake ku chitsime, onsewo ndi nzika za dziko lino mofanana ndi mwana wa nduna. Bajeti ingathe kudikira chaka chamawa, koma ubongo wa mwana wa zaka ziwiri sudikira munthu.